Anandipempha Kamodzi Kokha

Helsinki, 17 Okutobala 1993

Okondedwa amake Teuvo,

Landirani moni wochokera kuno kumzinda. Kaya bondo lanu lija likuti bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Ine ndili bwino, kupatula chimfine chimene ndinachitenga m'sitima, koma chikutha.

Ntchito ndayamba. Ndine woyang'anira nyumba ya nsanjika zisanu, mmene mabanja amakhala mosanjikizana ngati nkhuni pakhonde. Ndimasesa masitepe, ndimayang'anira boyila yotenthetsa nyumba yonse, ndimatsegulira amene ataya makiyi. Chipale chofewa, chisanu choyera chija, chikayamba kugwa ndizichikankha pabwalo ndi padenga. Munthu amene ndacheka matabwa zaka makumi atatu ndi zinayi, lero ndikutola ndowe za agalu a eni ake. Koma amene anatseka fakitale yathu sanandifunse, ndiye tizisiye.

Andipatsa kachipinda ka pansi, zenera lake limaona nsapato za anthu odutsa. Buledi wakuda wa kuno ndi wofewa ngati thonje, sakhala m'mimba. Ndalama ndatumiza ku positi. Mbatata muziike m'nkhuti ya pansi chisanu chisanalowe m'nthaka, ndipo nkhuni za kukhoma la kumpoto muzifunditse. Mupemphe a Moilanen oyandikana nafe adzakonze chitseko cha khola, Heluna asamagone mumphepo, ng'ombe yokalamba imeneyo.

Mwana wathu ndamuona. Anabwera Lachitatu masana, patatha zaka zitatu ndisakumuona. Tsitsi lafika m'mapewa, ndevu ngati za mbuzi.

"Mwafika, bambo?"

"Ndafika. Malezala anatha m'masitolo a kuno?"

Anaseka pang'ono n'kukhala pampando ndisanamuuze. Nditamufunsa ngati angamwe khofi anangoti, "Thirani." Kamodzi kokha, amake Teuvo! Mwana woleredwa ndi inu. Kwathu ku Kainuu mlendo amakana kawiri, kachitatu ndiye amasendera patebulo akudandaula kuti eni nyumba avutika naye. Uyu anangotambasula dzanja ngati ali m'lesitilanti. Mzinda wamudya.

Chimene anadzera ndi kiyi. Pansi pa nyumba ino pali chipinda cha konkire cha chitseko chachitsulo, chimene anamangira kuti anthu adzabisalemo mabomba nkhondo ikadzabwera. Pano muli mipando yothyoka yokhayokha. Iye ndi anzake akusowa poyeserera nyimbo zawo, awathamangitsa malo atatu. Kupempha si kuba. Ndinamupatsa kiyiyo. Za kale zija sitinazikhudze, iye sanayambe, inenso sindinayambe.

Ndine mwamuna wanu,
Aulis

Helsinki, 21 Novembala 1993

Amake Teuvo,

Moni. Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi masokosi. Ndakondwa kumva kuti bondo lapepukako. Ine ndili moyo. Chipale chagwa kawiri, msana ukudziwa.

Mwafunsa kuti nyimbo za Teuvo n'zotani. Ndiyesa kufotokoza. Gulu lawo alitcha Bwato la Kumwezi, alipo anayi. Amabwera masana katatu pa mlungu n'kudzitsekera pansi paja. Chitseko chachitsulo chimatchinga phokoso, koma mapaipi a madzi otentha odutsa m'chipindamo ndi omwewo amene amadutsa kumutu kwa bedi langa. Ndiye ndimamva zonse, ngati pansi pakwiriridwa munthu amene sakufuna kufa.

Akulu ankati nyimbo imodzi sachezera gule. Awa sanamve. Nyimbo yawo imodzi mukhoza kukama Heluna, kusefa mkaka, kutsuka ndowa, pobwerako muipeza ikadali pomwe munaisiya. Mawu mulibe. Wa besi amabwereza kachidutswa kamodzi ngati tayala lotitimira m'matope, magitala akulira ngati mphepo m'mawaya a magetsi. Ndinamufunsa woimba ng'oma wawo, chimunthu chonenepa chanthabwala dzina lake Osmo, kuti nyimbo zoterezi amavina ndani.

"Sizovina izi, madala," anatero. "N'zoulukira. Munthu amatsinzina, n'kungopezeka ali kuseri kwa nyenyezi."

"Nanga tikiti yobwerera amagula kuti?"

"Vuto ndi limenelo," anatero akuloza Teuvo ndi ndodo ya ng'oma. "Uyu anapita kalekale, tikumudikirabe."

Pansanjika yachitatu pali mayi wina wamasiye, Mayi Lindroos, amene pakamwa pawo sipagwa ntchentche. Anandiimika pamasitepe n'kuti, "A Kemppainen, boyila yanu ikudwala. Ikubuula masana onse." Ndinawauza kuti ndi mpweya wa m'mapaipi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Mpweya wodziwa kuimba ng'oma."

Tsopano imvani ichi. Lachinayi ndinali pabedi kukonza loko, ndipo m'paipi munatuluka Nyimbo ya pa Mlatho. Yomwe ija. Imene ndinapeka chaka chimene ndinakuperekezani kuchokera ku dansi mpaka kutsidya, imene ndinailiza pa akodiyoni m'maholo zaka makumi atatu popanda ndi mmodzi yemwe woijambula. Aichedwetsa ngati ya pamaliro, liwu lililonse alikoka ngati mphira, koma ndi yomweyo. Ndinakhala ndi loko m'manja mpaka inatha.

Sanandipemphe. Mwana yemwe uja amene anandiuza pamaso pa anthu kuti akodiyoni ndi ya nkhalamba zoledzera, n'kundisiya ndikuimba ndekha m'holo, lero akukumba nyimbo yanga pansi pa bedi langa. Sindinamuuze kanthu. Ndingoona mapeto ake.

Akodiyoni ija muitumize pa basi ya katundu, muikulunge m'bulangete. M'chipinda chakumbuyo muli chinyezi, mvukuto wake ungawole. Chifukwa chake ndi chimenecho, palibenso china.

Aulis

Helsinki, 9 Januwale 1994

Okondedwa amake Teuvo,

Moni wa chaka chatsopano. Ndikhulupirira muli bwino ndi onse a kumeneko. Pepani kuti munadya Khirisimasi nokha. Chipale chinagwa masiku anayi osalekeza, ndipo woyang'anira nyumba sachoka pa nthawi yotere. Mayi Lindroos ananditsitsira nsomba yamchere ndi mbatata, akuti ndisafere m'nyumba mwawo. Ndalama za mwezi uno ndatumiza, mugulireko Heluna mchere wonyambita. Denga la sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi, a Moilanen alichotse chipale lisanagwe.

Akodiyoni inafika bwino. Nkhani ndi iyi. Teuvo anabwera Lachiwiri kudzabwereka waya wa magetsi, n'kuona bokosi likusuzumira pansi pa bedi.

"Yafika liti iyi?"

"Amayi ako aitumiza. Akuti ikuwathera malo."

Anagwada, n'kulisisita bokosilo ngati galu wakale. Kenako anati, "Bambo, mwezi wa Malichi tikukajambula chimbale. Munthu wina wa ku Tampere ali ndi situdiyo, wavomera. Nyimbo yanu ija tikuiika kumapeto. Ndimati mudzalize ndinu akodiyoni pakati pake."

Ndinafunitsitsa kuvomera pomwepo. Inu mukudziwa. Anthu amene sankafika ndi pabondo langa pomwe anajambulidwa, tinkawamva pa wayilesi tikudya, ine ndikungotafuna. Koma ndinayankha monga amayankhira munthu woleredwa.

"Aa, ine? Zala zinauma kalekale. Musavutike nane, pezani odziwa."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu. "Chabwino, bambo. Ndamva." Anatenga waya wake n'kutsika.

Palibe cholakwika pamenepo. Koyamba ndi koyamba. Akadzabweranso ndidzati, "Tiona." Kachitatu ndidzati, "Poti mwalimbikira." Ngakhale abusa pa maliro a bambo anu anakana khofi kawiri, milomo itauma gwa. Wolumphira poitanidwa koyamba ndi galu. Ndiponso amene akupempha amayenera kuonetsa kuti sakungochita mwambo, makamaka mwana amene ananena zimene ananena zija.

Masana anthu akapita kuntchito ndimalowa m'chipinda cha boyila n'kuliza. Mlungu woyamba zala zinali ngati zikhomo. Tsopano zayamba kukumbuka. Kachidutswa kothamanga ka pakati paja ndakakwanitsa kawiri osapunthwa.

Munditumizire malaya oyera aja ndi chovala chakuda cha pamwamba chimene ndinkaimbira. Ndipo Teuvo musamulembere za nkhaniyi. Ndanena.

Mwamuna wanu,
Aulis

Helsinki, 6 Malichi 1994

Amake Teuvo,

Moni. Kaya mwadzuka bwanji? Ine ndilipo. Malaya anafika, ndawasita, ali pamsomali kuseri kwa chitseko. Mwati mwana wa Heluna wabadwa wamwamuna. Mumugulitse akangosiya kuyamwa, nokha simungathe ng'ombe ziwiri.

Mwafunsa kawiri m'kalata imodzi ngati Teuvo wanenanso kanthu. Sananene. Timakumana katatu pa mlungu. Amandifunsa za magetsi, za kiyi, za msana wanga. Tsiku lina anandibweretsera soseji. Soseji!

Loweruka lina ndinasiya chitseko cha boyila chotsegula ndikuliza, chifukwa munkatentha. Iwo anali kutsika masitepe. Osmo analowetsa mutu n'kukuwa kuti, "Eee, madala, muli ndi moto chonchi? Teuvo, tabwera udzamve zala zouma zija!" Ndinamva mwana wanu akuyankha ali pamasitepe kuti, "Asiye, aise. Ananena kuti safuna. Usawavutitse." Anatsika osasuzumira n'komwe.

Mlungu uno abweretsa kiyibodi, kathabwa ka mano oyera kamene kamayerekezera chilichonse: limba, chitoliro, mbalame. Lachinayi m'paipi munatuluka akodiyoni. Ndinadzidzimuka n'kuyang'ana pansi pa bedi, yanga inali momwemo. Imeneyo ndi akodiyoni yopanda mapapo, amake Teuvo. Siipuma. Ikuimba nyimbo yanga ngati mmene amalankhulira munthu wa pa siteshoni wolengeza sitima.

Chipale chayamba kusungunuka masana n'kuundana m'mawa. M'mphepete mwa denga mwalendewera madzi oundana aakulu ngati ntchafu, ofunika kuwagwetsa asanaphe munthu. Ntchitoyo ndi ya anthu awiri, wina wogwira chingwe, koma a ku ofesi akuti wachiwiriyo abwera akapezeka.

Anyamuka pa 14 kupita ku Tampere. Kwatsala masiku asanu ndi atatu. Kufunsa kawiri sikutenga masiku asanu ndi atatu.

Aulis

Helsinki, 3 Epulo 1994

Amake Teuvo,

Moni. Ndili bwino. Musadabwe ndi zilembo zokhotazi, cholembera cha kuno n'choipa. Ndachedwa kulemba chifukwa cha ntchito.

Anapita pa 14 paja. Ndinawathandiza kukweza zimasipika m'galimoto, malaya oyera ndili nawo m'kati mwa ovolosi. Teuvo anatulutsa mutu pazenera, ine n'kusendera pafupi. Anati, "Bambo, muzitiyang'anira chipinda chija." Galimoto inapita.

Tsiku lomwelo ndinakwera padenga. Ndinatererako pang'ono. Palibe chachikulu.

Atabwerako anapeza loko wina pa chitseko chachitsulo. Ndinawauza kuti Mayi Lindroos adandaula za phokoso ku ofesi. Katundu wawo anatenga. M'mapaipi tsopano muli zii, ndikugona bwino.

Pasaka ndi lero, ndipo sindinabwere. Ndalama zichedwako mwezi uno, musade nkhawa. Masokosi ndili nawo okwanira, koma mundilukire golovesi limodzi lalikulu la kumanja, lopanda zala. Lakale lathina.

Akodiyoni ili pansi pa bedi. Musandifunsenso za chimbale.

Aulis

Helsinki, 15 Meyi 1994

Amake Teuvo,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo. Za thanzi langa mumva m'munsimu, poti mwafuna nokha kuti zonse zikhale pambalambanda.

Ndinakuuzani kuti Teuvo musamulembere. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi, simunandichitepo zotere. Lachisanu masana ndikusesa pakhomo, ndinangoona Teuvo ndi Osmo atulukira, kalata yanu ili m'thumba la malaya a mwana wanu. Envelopu yanu ya buluu ndingaizindikire ngakhale ili kutsidya la msewu. Ndinaika dzanja m'thumba n'kuima.

Teuvo anavula chipewa ngati wabwera kudzafunsira mbeta. "Bambo, mudzatilizire akodiyoni pa chimbale chathu."

"Ayi."

"Bambo, chonde, tikukupemphani. Mudzatilizire."

"Sindingathe."

Osmo anali akuwerenga ndi zala. "Kwatsala kamodzi, madala. Konzani pakhosi."

"Bambo, popanda inu nyimboyo siitha. Tavutika. Mudzatilizire."

"Ndati sindingathe!"

Anayang'anizana. Teuvo anatulutsa kalata yanu n'kuiwerenganso. "Amayi alemba kuti katatu. Kapena kwathu anakweza, pano ndi kanayi?"

Ndikanakhala munthu wina ndikanaseka. Moyo wanga wonse ndakhala ndikunena ayi wabodza, anthu n'kumandimvetsa. Tsiku limene ndinanena ayi woona, panalibe wondikhulupirira.

Ndiye zenera la pansanjika yachitatu linatseguka. "A Kemppainen, muonetseni mwanayo dzanjalo, mwatitopetsa! Ndipo inu anyamata, ine sindinadandaule ku ofesi iliyonse. Ndikafuna kudandaula ndimatsika ndekha."

Ndinatulutsa dzanja. Tsopano nanunso imvani. Tsiku lija ndinakwera padenga ndekha, osadikira wogwira chingwe, mutu uli ku Tampere. Ndinamenya ndi ukali pamalo posayenera. Chimwala cha madzi oundana chinatsetsereka n'kundipanikizira dzanja lamanja ku chitsulo cha m'mphepete mwa denga. Mayi Lindroos ndi amene anaona magazi pachipale n'kuitana galimoto. Zala zitatu, chapakati mpaka chaching'ono, sizipindika. Adokotala akuti zikhala choncho. Ndikulemba ndi ziwiri zotsalazo. Cholembera chinalibe mlandu.

Teuvo anakhala pansi pamasitepe onyowa. Kenako anati, "Munakana nokha, bambo. Ine ndinakukhulupirirani. Kuno munthu akati ayi, ndi ayi."

"Unabadwira kuno iwe?"

"Munandiuza kuti gitala langa limalira ngati mwana wang'ombe wokodwa mu waya. Ndinkayesa mukuchita nane manyazi."

"Iwe unati akodiyoni ndi ya nkhalamba zoledzera."

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi! Ndipo usiku umenewo munali mutaledzeradi."

Ndinatola tsache n'kupitiriza kusesa.

Akuti ku Tampere anajambula zonse, koma atamvetsera nyimbo yomaliza Teuvo anafufuta kiyibodi ija. Pakati pa nyimboyo patsala dzenje, ndipo mwini situdiyo wawapatsa tsiku limodzi lokha kumapeto kwa mwezi uno kuti alitseke. Ndinawauza kuti apite kusukulu ya zoimbaimba, kuli ana a zala khumi.

Osmo anali akundiyang'ana dzanja linalo. "Lamanzereli likugwira, madala?"

"Likugwira tsache."

"Si limene limakoka mvukuto ndi kudina mabatani a besi? Ife zala khumi tilibe nazo ntchito, mwatimva nokha m'mapaipi. Kanyimboko aliza Teuvo pa gitala. Chimene tikusowa ndi mpweya pansi pake."

"Ayi," ndinatero.

"Limeneli ndi funso latsopano," anatero Osmo. "Tayambiranso kuwerenga. Kamodzi."

Kiyi ndawabwezera. Dzulo anandifunsa kachiwiri, ndinati tiona. Musaganize kuti ndakukhululukirani. A ku ofesi sakudziwa za dzanjali, ndimavala golovesi lanu lija ngakhale kwafunda. Akadziwa, mukudziwa chimene chidzachitike.

Mbatata mubzale mizere isanu ndi umodzi yokha chaka chino.

Aulis

Helsinki, 4 Sepitembala 1994

Okondedwa amake Teuvo,

Moni. Ndikhulupirira bondo silikukuvutani ndi mvula imeneyi. Ine ndili bwino, dzanja lili chomwecho. Makalata anu atatu ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa ndinali ndikadakwiya, kenako chifukwa sindinkadziwa poyambira.

A ku ofesi anadziwa. Wina anandiona ndikulephera kumanga mfundo. Analankhula mwaulemu, anandipatsa ndi khofi yemwe, amene ndinamwa poitanidwa koyamba poti ndinaona kuti kachiwiri sikabwera. Ntchito ikutha pa 24 mwezi uno. Ndibwera ndi sitima ya ku Kajaani, kenako basi ya masana. Tidzakhala bwanji m'nyengo yozizira tidzakambirana ndikafika. Mwina Heluna adzapita kwa a Moilanen. Musayambe kulira pano.

M'phukusili muli kaseti. Chimbale chatuluka. Pachikuto ajambulapo bwato la maso likuyandama pakati pa nyenyezi zofiirira, musachite nalo mantha.

Ku Tampere ndinapita, malaya oyera ndinavala. Situdiyo yake ndi chipinda cha m'fakitale yakale, makoma atamatidwa ndi makatoni a mazira. Anandiveka zomvera m'makutu, n'kundiuza kuti ndidine batani limodzi la besi, ndikoke mvukuto pang'onopang'ono, ndiubweze, ndiukokenso. Mphindi khumi ndi imodzi. Dzanja lamanja linangogona pa mabatani ake ngati mlendo. Zaka makumi atatu zala zanga zinkathamanga, anthu n'kumavina mpaka matabwa a holo kulira, panalibe wobwera ndi makina ojambulira. Lero ajambula batani limodzi. Zimenezi sizidzandichoka pamtima, ndipo sindikudziwa woti ndimuimbe mlandu. Ndayesa Teuvo, ndayesa inu, ndayesa mzinda. Mlandu ukungobwerera pakhomo.

Mumvetsere mbali yachiwiri, nyimbo yomaliza. Poyamba pali mphepo ndi ng'oma, mupirire, muziluka. Zikadzayamba kuzilala mudzamva chinthu chikupuma pansipansi, ngati ng'ombe m'khola m'mawa wachisanu. Ndine ameneyo. Pamwamba pake padzabwera Nyimbo ya pa Mlatho pa gitala. Mutchere khutu pa mzere wachitatu. Paja ine ndinkachedwa pang'ono pamenepo, chala chinkakodwa, ndipo inu munkandiseka kuti ndapunthwa pathabwa la mlatho. Iyenso akuchedwa pomwepo. Akuyesa kuti nyimboyo inapekedwa choncho. Sindinamuuze.

Kuseri kwa chikuto, m'tizilembo tating'ono, muvale magalasi: wopeka, Aulis Kemppainen. Pamndandanda wa oimba alemba kuti Teuvo gitala, Osmo ng'oma, ndipo pansi penipeni, A. Kemppainen, mpweya. Kasetiyo ndinawaikira Mayi Lindroos kuti amve. Anakhala mphindi zonsezo manja ali pamiyendo, pamapeto n'kuti, "Ndi boyila yomwe ija." Koma anapempha kaseti yawo.

Akodiyoni ndikuisiya kuno, m'chipinda cha konkire chija. Kwathu ingakhale ikundiyang'ana.

Mbatata musakumbe nokha, ndipo ine ndi dzanja ili khasu sindiligwira bwino. Ndinamuuza Teuvo kuti tipitire limodzi adzatithandize. Anati, "Aa, ayi bambo, musavutike nane. Mlungu umenewo tikukaimba ku Turku." Ndinabwerera m'chipinda mtima utagwa, poti kuno ayi ndi ayi. Lachinayi ndinamufunsanso, ndikuyang'ana kumbali. Anakanda ndevu n'kuti, "Tiona."

Dzulo ndinakumana ndi Osmo pamasitepe ndipo ndinamufunsa kuti ku Turku anyamuka liti. Anati, "Turku wake uti, madala?"

Kachitatu ndimufunsa mawa. Yalani bedi lake, ndipo khofi mugule wokwanira.

Ndine mwamuna wanu,
Aulis